Ndiyambe ndi pulogalamu iti yokonzera zithunzi? Lightroom ikudula

Kamwala_23
Moni akuluakulu nonse, ndikupempha nzeru. Kamera ndi Canon 2000D, laputopu ndi Core i5 yakale ya RAM 8GB. Ndimajambula za kutchalitchi, za kunyanja, ana pakhomo, apo ndi apo chinkhoswe cha pachibale. Si bizinesi ayi. Aliyense akungoti Lightroom, koma ija ndi yolipira mwezi ndi mwezi, m'madola. Palibe ina yoti munthu n'kuyambira? Kapena yeniyeni ndi Photoshop?

Nkhwazi
Tisanafike pa mayina a mapulogalamu, achimwene, mukujambula RAW kapena JPEG?

Kamwala_23
JPEG. RAW ndimangoiona mu menu.

Nkhwazi
Ndiye nkhani iyambire pamenepo, chifukwa yankho lonse lagona pa fayilo. JPEG ndi nsima yoomola kale, RAW ndi ufa uli m'thumba. Pa JPEG kamera yasankha yokha mitundu, yanola chithunzi, yataya zambiri n'kusiya masitepe 256 okha a kuwala pa mtundu uliwonse mwa itatu ija, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu. RAW ya kamera yanuyo, CR2, ndi ya 14-bit, masitepe 16,384. Kusiyanaku kumaoneka mukafuna kudzutsa nkhope yomwe yada chifukwa munthu anaima chofulatira zenera. Pa JPEG mukakweza kwambiri mumapeza timizeremizere ndi mawanga, pa RAW mpata ulipo.

Lowani mu menu, pa Image quality sankhani RAW+L. Muzipeza mafayilo awiri pa chithunzi chilichonse, JPEG yotumiza msanga ndi CR2 yokonza. CR2 imodzi imakhala pafupifupi 30MB, ndiye khadi ya 32GB izinyamula zithunzi pafupifupi 800 mukasunga zonse ziwiri. Mukakhalabe pa JPEG yokha, kunena zoona pulogalamu yodula mukhala mukungoilipira ulere, Snapseed pafoni ikukwanirani.

Chiwale
Ndiwonjezere pa funso la Photoshop, poti ambiri amasokonezeka pomwepa. Mapulogalamuwa ali m'magulu awiri ndipo ntchito zake n'zosiyana.

Gulu loyamba ndi lotsegula RAW ndi kusamala zithunzi zambiri nthawi imodzi: Lightroom, darktable, RawTherapee, Capture One, DxO PhotoLab, ndi aja opangidwa ndi eni makamera. Awa sasintha chithunzi chanu choyamba. Amangosunga malangizo akuti kuwala kukwere mwakuti, mtundu usinthe mwakuti, ndipo chithunzi chatsopano chimabadwa pokhapokha mukachita export. Mukakonza chimodzi mutha kukopera zomwezo ku zina 200 zojambulidwa pamalo omwewo.

Gulu lachiwiri ndi losema chithunzi chimodzi: Photoshop, GIMP, Affinity, Photopea. Kuchotsa munthu amene wangolowerera pa chithunzi cha banja, kusintha kumbuyo, kulemba mawu pa khadi ya ukwati, ma layer. Wojambula wachisangalalo pa zithunzi 100 mwina ziwiri kapena zitatu zokha ndi zomwe zimafuna zoterezi. Kutsegula zithunzi 300 za chinkhoswe mu Photoshop chimodzichimodzi n'kudzizunza.

MayiWaLens
Bambo Kamwala, pulogalamu muli nayo kale, munaigula pamodzi ndi kamera. Dzina lake Digital Photo Professional 4, anthu amangoti DPP. Pitani pa tsamba la Canon, fufuzani 2000D, pa gawo la software. Akufunsani serial number, ili pa kapepala kunsi kwa kamera. Simulipira kanthu.

Ubwino wake waukulu kwa woyamba ndi wakuti RAW imatseguka ikuoneka ndendende monga munaionera kumbuyo kwa kamera, chifukwa DPP imawerenga Picture Style (maonekedwe a mitundu) ndi white balance (mtundu wa kuwala) zomwe munaika pojambula. Simuyambira pa chithunzi chozizira. Imadziwanso ma lens a Canon, ndiye kupindika kwa m'mbali ndi kuda kwa m'makona pa 18-55mm ija imakonza mosavuta. Mukakonza chimodzi, Copy recipe, sankhani zinazo, Paste recipe, kenako Batch process.

A Nikon yanu ndi NX Studio, a Sony ndi Imaging Edge Desktop. Zonse zaulere.

Bwanoni
DPP ndi yabwino koma imayenda ngati ngolo. Komanso tsiku lomwe mudzasinthe kamera kupita ku Nikon, zonse munaphunzira zathera pomwepo. Ine ndikuti darktable.

MayiWaLens
Munthu sanatsegulepo RAW n'kamodzi komwe, inu mukumuponya mu darktable? Mumuthawitsa.

Bwanoni
Mayi, imathawitsa anthu chifukwa amafuna kugwira ma module onse, kutanthauza zida zake zokonzera, ndipo alipo opitirira 60. Ofunika tsiku ndi tsiku ndi ochepa. A Kamwala, ndondomeko yake nayi.

Ikani zithunzi mu foda yanu kaye, kenako mu darktable sankhani add to library. Muli mu lighttable, malo osankhira. Dinani r pa chilichonse chosaoneka bwino, manambala 1 mpaka 5 ndi nyenyezi. Sankhani kaye, kukonza pambuyo, musataye ola pa chithunzi choti wina watsinzina. Dinani d kulowa mu darkroom.

Yambani ndi exposure. Kwezani kapena tsitsani mpaka chinthu chachikulu pa chithunzipo, nthawi zambiri nkhope, chioneke bwino. Thambo likayera mbee musadandaule panopa, imeneyo ndi ntchito ya sigmoid kapena filmic rgb, zomwe zimabweza mbali zowala kwambiri. Yatsani imodzi mwa ziwirizi, osati zonse. Kwa woyamba sigmoid ndiyosavuta, ili ndi zokoka zochepa.

Mtundu wa kuwala musinthire mu color calibration. Module ya white balance muisiye momwe ilili. Apa ndi pomwe ambiri amagwa, amakoka kuwiri konse kenako khungu limasanduka lachilendo ndipo pamwamba pamabwera chenjezo.

Kenako color balance rgb, pa ma preset, makonzedwe opangidwa kale, sankhani basic colorfulness. Popanda imeneyi chithunzi chimaoneka chotuwa. Yatsani lens correction ndi denoise (profiled), zimazindikira zokha kamera, lens ndi ISO. Za kunyanja zija, mu rotate and perspective dinani batani lakumanja la mouse n'kukoka mzere motsatira pomwe madzi akumana ndi thambo, chiwongoka chokha. Basi. Ctrl+C ndi Ctrl+V mu lighttable zimakopera zonsezi ku zithunzi zina.

Mphamba88
Zonsezi mu Lightroom ndi mphindi imodzi. Tisanamizane, yaulere imalipiritsa nthawi.

Nkhwazi
A Mphamba sakunama kwenikweni. Lightroom ili ndi zinthu zomwe zaulerezi sizinafikepo bwino. Imazindikira yokha anthu pa chithunzi n'kukupatsani mask (malire oti mukonze malo amodzi okha) ya khungu la nkhope payokha, tsitsi palokha, zovala pazokha. Denoise yake, yochotsa timawanga (noise) ta zithunzi za mumdima, yomwe inabwera mu 2023, imapulumutsa zithunzi za ISO 6400 za m'tchalitchi. Maphunziro pa YouTube ndi mbwee.

Koma a Kamwala adziwe zomwe akusainira. Lightroom yomaliza yogula kamodzi inali Lightroom 6, ndipo Adobe inasiya kuipatsa update kumapeto kwa 2017. Pulani yotchipa ija ya $9.99 ya Lightroom ndi Photoshop anaitseka kwa olowa atsopano mu January 2025. Pa mitengo ya ku America ya chaka chimenecho, Lightroom yokha inali $11.99 pamwezi, pamodzi ndi Photoshop $19.99. Pachaka ndi madola opitirira 140 pa yotchipayo, ndipo pakufunika khadi ya banki yolola kulipira kunja. Kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023, bilu ya munthu wolandira makwacha inakwera tsiku lomwelo ngakhale mtengo wa m'madola sunasinthe.

China chomwe anthu sawerenga: mawu akuti pamwezi aja ndi mgwirizano wa chaka chonse wolipira pang'onopang'ono. Mukausiya pakati, masiku 14 oyamba atadutsa, amakudulani theka la ndalama za miyezi yotsala. Ndipo mukasiya kulipira, Lightroom Classic, ya pa kompyuta ija, imatsegukabe, zithunzi mumaziona ndi kuzitulutsa, koma gawo la Develop limatsekedwa.

Denoise ndi ma mask aja amadaliranso graphics card. Pa i5 yakale yopanda khadi yapadera, chithunzi chimodzi chitha kutenga mphindi zingapo.

Dzombe
Nanga mukuvutikiranji? Anyamata a m'tauni amaika Photoshop ndi Lightroom ya crack pa flash, mtengo wa fanta.

Chiwale
Aise, siyani zimenezo. Kupatula kuti n'kuba, taonani momwe amaikira: choyamba amakuuzani muzimitse antivirus, kenako mupatse fayilo yosadziwika mphamvu zonse za administrator. Laputopu yomweyo ndi yomwe mumalowera ku banki ndi ku imelo. Pali mtundu wa virus womwe umatseka mafayilo onse n'kufuna dipo, ndipo mafayilo oyamba kupita ndi zithunzi zomwezo.

Vuto lachiwiri ndi la ntchito yeniyeniyo. Ya crack siilandira update, pomwe RAW ya kamera iliyonse yatsopano imafuna pulogalamu yoidziwa. Lightroom 6 siitsegula CR3, RAW ya makamera atsopano a Canon. Njira yolambalala ndi Adobe DNG Converter, yaulere, yosandutsa RAW kukhala fayilo ya DNG, koma ndiye kuti fayilo iliyonse mwaisandutsa ziwiri.

Dzombe
Chabwino abusa, tamva.

Thengo_Pix
Palibe watchula Affinity. Canva inagula kampani yake, Serif, mu 2024, ndipo kumapeto kwa October 2025 anaitulutsa yaulere, Photo, Designer ndi Publisher zonse mu pulogalamu imodzi. Mumangofunika akaunti ya Canva. Kwa amene akufuna ntchito za Photoshop, ma layer, kuchotsa zinthu, makadi, chifukwa choikira crack chatha.

Chiwale
Zoona, koma ikhale m'gulu lachiwiri lija. RAW imatsegula, koma ilibe malo osankhira ndi kusunga zithunzi mazanamazana ngati Lightroom kapena darktable. GIMP nayo ilipo, 3.0 inatuluka mu March 2025 ndipo tsopano ma filter mutha kuwasintha pambuyo. Kungoti GIMP payokha siitsegula CR2, imaitana darktable kapena RawTherapee kuti imutsegulire. Komanso Save ya GIMP imasunga XCF, fayilo ya GIMP yokha, JPEG ili pa Export As.

Nachisale_M
Ine funso langa ndi la khungu. Pulogalamu iti imatulutsa bwino khungu lakuda? Ma preset ambiri ogawidwa pa intaneti amasandutsa anthu otuwa ngati sanadzole.

MayiWaLens
Achemwali, vuto si pulogalamu, ndi ma preset ndi dzanja. Ma preset ambiri anapangidwira khungu loyera. Amatsitsa saturation (kukolera kwa mtundu) ya orange n'kukweza luminance (kuwala) yake, pomwe khungu la munthu aliyense, lakuda ndi loyera lomwe, limakhala mu orange momwemo. Pa khungu lakuda zotsatira zake ndi phulusa.

Cholakwika china ndi kukoka Shadows mpaka kumapeto. Nkhope imawala koma imafwifwa, mawonekedwe a masaya ndi mphumi amafafanizika, noise imatuluka. Njira yabwino ndi kujambula mask pa nkhope yokha n'kukweza exposure ndi 0.3 mpaka 0.5, kwinako osakhudza. Mu darktable pafupifupi module iliyonse ili ndi drawn mask kunsi kwake. Pangani exposure yachiwiri, jambulani ellipse pa nkhope, m'mphepete mwake mufewetse kwambiri kuti pasaoneke mkombero.

Pa ukwati ndi povuta kwambiri, diresi loyera pambali pa khungu lakuda dzuwa lili pamutu. Pojambula tetezani diresi. Loyera likapserera silibwerera, ngakhale pa RAW, koma nkhope yoderapo pang'ono imadzuka.

Mphamba88
Koma makasitomala ena amapempha okha kuti muwayeretse.

Nachisale_M
Ndiye mukamuyeretsa nkhope, manja ndi khosi n'kutsala zakuda, mwamuthandiza?

Mphamba88
Ndangonena zomwe zimachitika, sindinati n'zabwino.

Nkhwazi
Pali kusiyana pakati pa kuwalitsa nkhope yomwe kamera yaidetsa ndi kusintha khungu la munthu. Choyezera n'chapafupi: mayi ake akaona chithunzicho amuzindikire mwana wawo.

Pa white balance, m'matenti a maukwati kuwala kumatenga mtundu wa nsalu ya tenti, pansi pa mtengo wa mango kumabiriwira, m'tchalitchi muli mababu mbali ina ndi dzuwa la pazenera mbali ina. Dzuwa la masana lili cha pa 5500K, mumthunzi cha pa 7000K, babu lachikasu cha pa 3000K. Pa RAW nambala imeneyi mumaisintha pambuyo osataya kanthu. Mukamagwiritsa ntchito kachida kotolera mtundu, musadalire kwambiri shati yoyera. Sopo wambiri wochapira amasiya ubuluu pang'ono kuti chovala chioneke choyera mbuu, ndiye pulogalamu pofuna kuuchotsa imathira chikasu pa chithunzi chonse. Suti yotuwa kapena khoma la simenti zimathandiza bwino.

Chitenje chofiira nacho chili ndi khalidwe lake. Channel yofiira imadzaza msanga pomwe zinazo zidakali ndi malo, maluwa a pa nsalu n'kusanduka banga limodzi. Yang'anani histogram (kagirafu koonetsa kuchuluka kwa kuwala) ya RGB osati yoyera yokha, ndipo tsitsani saturation ya red yokha.

Gogo_Shutter
Ana inu mukukamba za khungu, koma chithunzi chikafika kotsukitsa chimatuluka chakuda bii. Pulogalamu iti imakonza zimenezo?

Chiwale
Agogo, imeneyo ndi sikirini. Laputopu ikakhala pa kuwala konse, chithunzi chimaoneka chowala kuposa mmene chilili, inu n'kumachidetsa. Pepala lilibe nyali kumbuyo. Tsitsani kuwala kwa sikirini kufika pa theka kapena kucheperapo, musakonzere panja kapena moyang'anizana ndi zenera, ndipo khulupirirani histogram kuposa maso. Musanatsukitse 50, tsukitsani chimodzi cha 6x4 mufananize.

Pa export, pa muyezo wa mitundu, sankhani sRGB. Makina ambiri otsukira zithunzi ndi mafoni amayembekezera imeneyo. Mukapereka Adobe RGB kwa makina osaiwerenga, mitundu imafwifwa. Kukula kwake pa 300 ppi (madontho 300 pa inchi): 6x4 ndi 1800x1200, 8x10 ndi 2400x3000, A4 ndi 2480x3508. Kamera ya a Kamwala imatulutsa 6000x4000, ndiye zonsezi ikukwanitsa ndi chenje.

Dzombe
Ndipo musatumize kotsukitsa pa WhatsApp ngati chithunzi wamba. Amachifinya. Tumizani ngati document kapena pitani ndi flash.

Thengo_Pix
Pamenepo mwalankhula zanzeru koyamba lero. Za Facebook, mbali yaitali 2048, quality 85 mpaka 90. Kuposa apo mukungowotcha bandulo, iwo akachifinyabe.

Admin_Kadzidzi
Abale, tabwererani ku funso la a Kamwala. Za kutsukitsa titsegule ulusi wake.

Bwanoni
Kubwerera ku laputopu ija. RAM 8GB pa mafayilo a 24MP ikwanira DPP, darktable ndi RawTherapee, bola Chrome ikhale yotseka. Chomwe chimachedwetsa makina akale kwambiri ndi hard disk yozungulira ija. Dinani Ctrl+Shift+Esc, pa Performance, muone ngati Disk yalembedwa HDD kapena SSD. Ngati ndi HDD, ndalama yomwe mukanalipira Lightroom miyezi ingapo gulani SSD ya 500GB. Kusinthaku mudzakuona pa chilichonse, osati zithunzi zokha. Hard disk yakaleyo muiike mu kabokosi ka USB ikhale yosungira kope lachiwiri.

Nkhwazi
Pa kusunga pomwepo, woyamba aliyense amve izi. Catalog ya Lightroom ndi library ya darktable mulibe zithunzi, muli adiresi ya zithunzi ndi malangizo okonzera basi. Mukasuntha foda kapena kuisintha dzina kunja kwa pulogalamu, Lightroom imaika chizindikiro cha funso pa fodayo, darktable imaonetsa kachigaza. Zithunzi sizinatayike, yangosowa njira. Choncho konzani mafoda tsiku loyamba: chaka, mkati mwake deti ndi dzina, monga 2025-08-16 Chinkhoswe. Deti likayamba ndi chaka mafoda amadzindandalika okha.

Timafayilo ta .xmp tomwe darktable imaika pambali pa CR2 iliyonse musatifufute poganiza kuti ndi zinyalala, ntchito yanu yonse ili mmenemo. RawTherapee take ndi ta .pp3. Pokopera ku disk ina tengani foda yonse. Ubwino wina ndi wakuti darktable imalemba zosintha zanu mukamagwira ntchito, palibe Save, ndiye magetsi akathima mwadzidzidzi simuyambiranso pachiyambi. Khadi musaifufute mpaka zithunzi zili malo awiri, ndipo muziichita format mu kamera, osati pa kompyuta.

Dziwaninso kuti zokonza sizisamuka bwino pakati pa mapulogalamu. Nyenyezi ndi ma keyword zimatha kuwoloka, koma zomwe mwakonza mu DPP darktable siziona. Chilichonse chomwe mwamaliza tulutsani JPEG yaikulu muisunge.

Nachisale_M
Nanga ife a foni yokha?

Thengo_Pix
Snapseed. Ndi ya Google, yaulere, ilibe zotsatsa, ndipo ikalowa mufoni siifuna intaneti. Tune Image ya kuwala, Selective yoika kadontho pa nkhope n'kuwalitsa pomwepo pokha, Healing yochotsa tizinyalala, Curves. Imatsegula DNG ngati foni yanu imajambula RAW mu Pro mode. Pa Android lowani mu Settings muonetsetse kuti Image sizing ili pa Do not resize ndipo quality ndi 95% kapena 100%. Structure ndi HDR Scape muzigwire ndi nsonga za zala, pa nkhope zimakalambitsa munthu. Lightroom ya pafoni nayo ili ndi gawo laulere labwino, makamaka posintha mtundu umodziumodzi, koma ma mask ndi RAW ya kamera yaikulu zili kolipira.

Kamwala_23
Zikomo nonse. Ndaika DPP ndi darktable zonse ziwiri. Mafunso awiri. CR2 yomweyo mu DPP ikuoneka bwino, mu darktable imayamba yokongola kenako patapita kamphindi imafwifwa. Yawonongeka? Chachiwiri, za kunyanja za mwezi wa October zonse zili ndi chifunga, mapiri a kutsidya sakuoneka.

Bwanoni
Siinawonongeke. Mkati mwa CR2 iliyonse kamera imabisamo ka JPEG koonetsera. darktable imayamba yakuonetsani kameneko, kenako imaika yake yochokera ku RAW yeniyeni, yopanda Picture Style ya Canon. Ikani basic colorfulness ija, onjezani contrast pang'ono mu sigmoid, yatsani local contrast. Zikakusangalatsani zisungeni ngati style kuti musamabwereze.

Chifunga cha October ndi fumbi ndi utsi wa moto wolusa m'tchire. Module yake ndi haze removal, mu Lightroom amati Dehaze. Kokani pang'ono. Mukapyola, thambo limachita mawanga, m'mphepete mwa phiri mumabwera mzere wowala, ndipo madontho a fumbi la pa sensa omwe simumawaona amatulukira onse. Koma ngati munazijambula JPEG musayembekezere zambiri, thambo ndi pomwe masitepe 256 aja amaonekera msanga.

MayiWaLens
Mwaona? Ya DPP yaoneka bwino osagwira kanthu. Bambo Kamwala, za chinkhoswe zomwe abale akudikira zitulutseni mu DPP sabata ino. darktable muziiphunzira madzulo ndi zithunzi khumi zomwe palibe akuzifunsa.

Bwanoni
Pamenepo sinditsutsa, Mayi.

Gogo_Shutter
A Admin mundikhululukire, kamodzi kokha. Cha gulu ndikachipereka kuti chikhale 8x10 cha mu fulemu, amadula anthu a kumapeto. Cholakwa n'chiyani?

Chiwale
Kamera imajambula 3:2, zomwe zimalowa ndendende pa 6x4. Pepala la 8x10 ndi 5:4, lalifupi m'litali. Pa 6000x4000 zotsala ndi 5000x4000, ndiye gawo limodzi mwa magawo 6 limapita, ndipo makina amangodula mbali zonse ziwiri mofanana osaona kuti pali munthu. Dulani nokha musanapereke: mu crop sankhani 5:4, muone amene akutsala. Ngati anthu adzaza mpaka m'mphepete, pemphani 8x12, imeneyo ndi 3:2 ndipo sadula aliyense, kungoti fulemu yake muyambe mwaipeza.